NYUMBA YOMANGIDWA NGATI FULASIKI YA TIYI

Inu amayi ogulitsa tiyi pa msika wa Limbe ndi pa depoti ya mabasi ku Lilongwe, nkhani yomwe ndabwera nayo lero mukuidziwa kale, kungoti simunaimvepo ikunenedwa za nyumba. Pali njira ziwiri zosungira tiyi kuti akhalebe wotentha mpaka makasitomala a 10 koloko afike. Ina ndi kusiya ketulo pa mbaula, n'kumathira makala, kukupiza, kuthiranso makala, mpaka thumba lonse lathera m'phulusa pamodzi ndi phindu lomwe. Ina ndi kuwiritsa kamodzi m'mawa, kuthira mu fulasiki, kutseka bwinobwino, basi. Fulasiki ilibe moto m'kati mwake. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kukaniza kutentha kuti kusathawe.

Tsono ku Germany kuli anthu omwe anaganiza zomanga nyumba yathunthu ngati fulasiki. Amaitcha Passivhaus, kutanthauza nyumba yongokhala phee, yosalimbana ndi chisanu pogwiritsa ntchito chimoto koma pongosunga kutentha komwe kuli kale m'katimo. Ine ndinaiona ikumangidwa, ndipo patapita zaka zingapo ndinagonamo miyezi ya chisanu choopsa, chifukwa mlongo wanga anakwatiwa kumeneko ndipo iye ndi alamu anga anamanga yawo pa kamudzi kena kufupi ndi mzinda wa Darmstadt. Choncho izi si zongomva pa wailesi ayi.

CHISANU CHAKE SI CHA KU DEDZA

Ndiyambe ndi kuzizira, chifukwa mukapanda kumvetsa kuzizira kwa kumeneko muona ngati azungu angosowa chochita ndi ndalama zawo. Ife tikati kwazizira timanena za June ndi July, Chiperoni chikatsikira ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena m'mawa wa ku Dedza pomwe mano amagundana okha. Koma dzuwa likangokwera timavula majuzi. Ku Germany kuyambira November mpaka March chisanu sichipita ku tchuthi. Madzi osiya panja amauma n'kukhala ngati mwala. Mu December dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira, n'kulowa 5 koloko isanakwane, ndipo masiku ambiri silioneka n'komwe.

Nyumba zambiri kumeneko zili ndi chiboyila m'chipinda cha pansi, chowotcha gasi kapena mafuta, chomwe chimatenthetsa madzi n'kuwayendetsa m'mapaipi kupita ku zitsulo zooneka ngati radiyeta ya galimoto m'chipinda chilichonse. Mbaula yawo ndi imeneyo. Pa mphamvu zonse zomwe banja la ku Germany limagwiritsa ntchito pakhomo, kuphika, kuchapa, kuyatsa mababu, kuonera TV, pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu amathera pa kutenthetsa zipinda basi. Chowawa n'choti kutentha komwe agula ndi ndalama zawoko sikukhalitsa m'nyumbamo. Kumatulukira m'makoma, padenga, m'mawindo ndi m'ming'alu ya zitseko, usiku ndi usana, ngati munthu wotunga madzi ndi lichero.

Mu 1973 maiko a Aluya anachepetsa mafuta ogulitsa kunja ndipo mtengo wake unakwera pafupifupi kanayi. Apa ndi pomwe ena anayamba kufunsa kuti bwanji osangotseka mabowo a licherolo. Ku Canada, mu mzinda wa Regina komwe kumazizira kuposa ku Germany, akatswiri ena kuphatikizapo bambo wina dzina lake Harold Orr anamanga nyumba yoyeserera mu 1977, yamakoma okhuthala ndi yotsekedwa ming'alu yonse. Inagwira ntchito, koma omanga nyumba ambiri sanaitengere. Mitengo ya mafuta itatsika anthu anaiwala.

Mu 1988 akuluakulu awiri anakhala pansi n'kukambirana nkhaniyi mwakuya. Wina anali Bo Adamson, pulofesa wa pa yunivesite ya Lund ku Sweden, wina Wolfgang Feist, katswiri wa sayansi ya fizikisi wa ku Darmstadt. Funso lawo linali lakuti, kodi khoma lingakhuthale mpaka pati kuti chiboyila ndi mapaipi ake aja akhale osafunikanso? Anawerengera pa kompyuta, ndipo mu 1991 nyumba yoyamba inatha kumangidwa ku Kranichstein, dera lina la mzinda wa Darmstadt. Ndi mdadada wa nyumba zinayi zogundizana, iliyonse masikweya mita 156. Boma la chigawo cha Hesse linathandizapo pa ndalama zoonjezera. A Feist sanangolemba mapepala n'kusiyira ena kuti akazizidwe, iwo ndi banja lawo analowa mu imodzi mwa nyumbazo. Patatha zaka 25 akatswiri anakaiyezanso, kuboola khoma, kuyeza magalasi, ndipo anapeza kuti ikugwirabe ntchito ngati kale. Mu 1996 a Feist anakhazikitsa bungwe la Passivhaus Institut, lomwe mpaka lero ndi lomwe limaika miyezo ya nyumba zimenezi.

Miyezo yake si yongolankhula pakamwa, ndi manambala. Kuti nyumba ipatsidwe dzinali, siyenera kudya mayunitsi oposa 15 pa sikweya mita iliyonse pa chaka chonse potenthetsa zipinda. Mayunitsi ake ndi omwewa timagula a magetsi. Tikawasandutsa mafuta, ndi lita imodzi ndi theka pa sikweya mita. Ndiye kuti nyumba ya masikweya mita 100 imatha chaka chathunthu, chisanu chonse chija, ndi mphamvu yofanana ndi malita 150, osakwana n'komwe diramu imodzi. Nyumba zakale za kumeneko zimatha kudya kakhumi kuposa apa.

NYUMBA YOVALA BULANGETE

Nditafika ulendo woyamba anali atangomaliza kukumba. Chinthu choyamba chomwe chinandidabwitsa n'choti asanathire konkire ya pansi anayala kaye zidutswa zikuluzikulu za fomu yolimba, mtundu wa fomu yoyera ija mumaipeza m'katoni mukagula wailesi kapena TV yatsopano, koma yolimba moti munthu amayendapo osabooka. Ndinafunsa kuti, "Alamu, nyumba yonseyi ikhala pa fomu?" Iwo anaseka n'kunena kuti nthaka nayonso ndi mbava, imaba kutentha kudzera kumapazi.

Makoma anamanga ndi mabuloko wamba, kenako kunja kwake anamata fomu yokhuthala pafupifupi rula yonse ya mwana wa sukulu, n'kupaka pulasitala pamwamba. Nyumba ya ku Kranichstein ija nayonso ili ndi fomu ya masentimita 27.5 pa khoma. Kudenga anaika zokhuthala koposa, zinthu zooneka ngati thonje koma zopangidwa kuchokera ku miyala yosungunula. Khoma likatha, kuchokera m'kati kufika kunja, limatsala pang'ono kukwana theka la mita. Mukaima pa windo mumaona ngati muli m'tchalitchi chakale cha amishoni.

Koma bulangete likakhala ndi bowo, chisanu chimapeza bowolo. Ikani supuni yachitsulo mu kapu ya tiyi wotentha, pakapita kanthawi chigwiriro chake chatentha, eti? Chitsulo kapena konkire yomwe yadutsa kuchokera m'kati mwa nyumba mpaka kunja imachita zomwezo, imanyamula kutentha n'kukakutaya panja. Azungu amazitcha milatho ya kutentha. Pa chifukwa chimenechi khonde la m'mwamba la alamu anga silinalumikizidwe ku konkire ya nyumba monga timachitira kuno. Linaima pa miyendo yakeyake yachitsulo, longotsamira nyumbayo ngati mlendo. Mmisiri wamkulu ankayenda ndi pulani m'manja kufufuza malo alionse omwe bulangete laduka, pa ngodya, pa lintala, pomwe denga lakumana ndi khoma. Lamulo lawo n'lakuti ukatenga pensulo pa pulani uzitha kuzungulira nyumba yonse motsata bulangetelo osanyamula dzanja.

Mawindo ndiwo anadya ndalama. Windo lililonse lili ndi magalasi atatu otsatizana, ndipo pakati pake anapopamo mpweya wotchedwa argon womwe sulola kutentha kudutsa msanga. Limodzi lalikulu la pabalaza ananyamula amuna anayi akubuula. Akuluakulu onse analoza kummwera, chifukwa ku Germany dzuwa limayenda mbali ya kummwera, ndipo nthawi ya chisanu limadutsa m'munsi n'kulowa mpaka pakati pa chipinda. Mbali ya kumpoto anaikako timawindo ting'onoting'ono. Dzuwa ndi makala aulere, ndiye amalitsegulira khomo n'kulitsekera momwemo.

TSIKU LA MAYESO

Apa ndi pomwe ndinaona kuti nyumba imeneyi siimangidwa ndi fomu yokha koma ndi khalidwe la amisiri. Nyumba yonse iyenera kukhala yosalola mphepo kulowa kapena kutuluka mwakuba. M'kati mwa denga anayala chipepala cha pulasitiki, ndipo polumikizira paliponse anamata ndi tepi yapadera. Pozungulira windo, tepi. Pomwe paipi yadutsa khoma, kamphira kake ndi tepi. Mnyamata wina anakhala masiku angapo ntchito yake kumata tepi basi, ndipo palibe yemwe ankamuona ngati waulesi.

Akamaliza samangokhulupirira mawu a kontilakita. Kumabwera munthu wapadera ndi chifani chachikulu chomwe amachimangirira pa khomo lalikulu ndi chinsalu. Amatseka mawindo onse, chifanicho n'kuyamba kukoka mpweya wa m'nyumba kuutulutsa kunja mpaka pa mlingo womwe amati mapaskali 50, womwe uli ngati mphepo yamphamvu ikuomba nyumba mbali zonse. Makina amawerenga kuchuluka kwa mpweya womwe ukulowa m'ming'alu. Kuti nyumba ikhoze, mpweya wolowa pa ola limodzi usapitirire 0.6 ya mpweya wonse wa m'nyumbamo. Nyumba wamba imalowetsa kuchulukitsa kangapo kuposa pamenepa.

Tsiku limenelo mlongo wanga sanadye nkhomaliro. Ngongole ya kubanki inali itatengedwa kale, ndipo nambala ikalephera ndiye kuti kuphwasula zina n'kuyambiranso. Chifani chitayamba kulira, woyezayo anayang'ana makina ake n'kupukusa mutu. Nyumba inali italephera. Anayatsa kachida kotulutsa utsi n'kumayenda nako m'mbali mwa makoma, ife pambuyo pake ngati tikulondola mfiti. Pabalaza utsi unangoima. Kukhitchini chimodzimodzi. Titakwera m'chipinda cha m'mwamba utsi uja unayamba kuvina. Munthu wa zamagetsi, podutsitsa mawaya ake, anali atang'amba chipepala chija ndi mpeni malo angapo n'kungozisiya, poganiza kuti mabolodi a siling'i adzabisa. Kuno kwathu tikanati "aaa, n'zazing'ono izi, pulasitala abisa". Kumeneko anamuimbira foni, anabwera nkhope ili gwa, anamata malo onse, chifani chinalizidwanso, nambala inatsika, nyumba inakhoza.

Ine ndinaganiza za nyumba zathu zomwe timalipira mmisiri n'kudzazindikira mvula yoyamba kuti denga likudontha, iye atapita kale ndi ndalama. Ubwino wa mayeso amenewa n'ngoti chinyengo chimaoneka mwini ntchito asanalandire malipiro omaliza.

NANGA AMAPUMA BWANJI?

Ndikudziwa kuti wina wafunsa kale. Ukatseka nyumba ngati botolo, anthu sakomoka? Funso labwino, ndipo yankho lake ndi makina amodzi okhala ngati kafiriji kakang'ono, omwe kwa alamu anga ali m'kachipinda kochapira. Usana ndi usiku makinawa amakoka mpweya woipa wa kukhitchini, kubafa ndi kuchimbudzi n'kuutulutsa kunja, kwinaku akulowetsa mpweya watsopano kuchipinda chogona ndi pabalaza. Amawerengera pafupifupi makiyubiki mita 30 pa munthu aliyense pa ola.

Nzeru yake ili apa. Mpweya wotuluka uja ndi wofunda, wolowawo ndi wozizira ngati wa mufiriji. M'kati mwa makinawo mipweya iwiriyi imadutsana m'tinjira topyapyala toyandikana, osasakanikirana, ndipo wotulukawo umasiyira wolowawo kutentha kwake. Fungo la anyezi limapita kunja, kutentha kumatsala. Lamulo limati makina abweze magawo osachepera 75 pa 100 alionse a kutenthako, ndipo abwino amafika cha m'ma 90. Magetsi omwe amadya ndi ofanana ndi babu limodzi.

Kutentha kwina kumachokera kwa anthu eni ake. Thupi la munthu wamkulu wongokhala limatulutsa kutentha pafupifupi mawati 100, ngati babu lakale lija linkaotcha dzanja. Ndipo nyumba ya Passivhaus, ngakhale tsiku lozizira kwambiri, imafuna mawati 10 okha pa sikweya mita. Werengani nokha, amalonda inu simulephera masamu. Chipinda cha masikweya mita 20 chimafuna mawati 200. Anthu awiri akakhala pansi n'kumacheza, chipinda chafunda. Onjezani firiji, TV, mphika wa nyemba pa chitofu ndi galu. Chotenthetsera chimakhalapo ndithu, asakunamizeni kuti kulibiretu, koma ndi chaching'ono, chongothandizira masiku omwe dzuwa labisala sabata yonse.

CHISANU CHA 2022

Ulendo wachiwiri ndinafika mu December 2022, nthawi yomwe dziko lonse la Germany linali ndi mantha. Mu February chaka chimenecho Russia inalowa mu Ukraine ndi nkhondo. Nkhondo isanayambe, gasi woposa theka yemwe Germany inkagula kunja ankachokera ku Russia, ndipo pofika kumapeto kwa August paipi yaikulu ya Nord Stream inasiya kutulutsa kanthu. Mitengo inalusa. Boma linalamula kuti maofesi ake asatenthetsedwe kupitirira madigiri 19. Pa TV nkhani inali ya mabilu basi, ndipo m'masitolo anthu ankalimbirana mahita a magetsi ndi nkhuni.

Ndinatsika sitima nditavala majekete awiri, chipewa ndi magolovesi, makutu akuwawa ngati wina akuwadula. Nditalowa m'nyumba, mlongo wanga anali atavala chitenje ndi bulauzi, ana akuthamanga opanda nsapato. "Achimwene, vulani zimenezo, muno simuli panja," anatero. Ndinayang'anayang'ana kuti moto uli pati. Palibe. Kachida ka pakhoma kankasonyeza madigiri 21, panja chipale chofewa chili mbuu.

Chomwe sindidzaiwala si kufunda kokha koma kufanana kwake. M'nyumba zina za kumeneko zomwe ndinachezamo, ukakhala pafupi ndi radiyeta umatuluka thukuta, ukasunthira ku windo msana umazizira, ndipo m'mawa magalasi amakhala ali mame okhaokha, m'ngodya muli chuku. Muno ayi. Ndinagwira galasi la windo ndi chikhatho usiku, silinali lozizira. Pansi, pakhoma, kubafa, ponse chimodzimodzi. Phokoso la msewu silimveka. Tsiku lina kunabwera alendo khumi ndi awiri kudzadya nsima yomwe mlongo wanga anaphika ndi ufa wogula ku sitolo ya amwenye, ndipo pofika 9 koloko usiku alamu anatsegula windo chifukwa tinali titayamba kutentha, mu December!

Inde, mawindo amatseguka. Bodza lomwe limafala kwambiri ngakhale ku Germany komweko n'lakuti m'nyumba zimenezi ndi mlandu kutsegula windo. Umatsegula ukafuna, kungoti sufunika kutero kuti upume.

Aneba awo a m'nyumba yakale ankabwera ndi makalata a kampani ya gasi m'manja, akudandaula. Alamu anga ankangokhala chete mwaulemu, chifukwa kukwera kwa mtengo kumapweteka malinga ndi kuchuluka kwa zomwe umagula. Wogula matumba khumi a makala pa mwezi ndi wogula thumba limodzi salira mofanana mtengo ukakwera kawiri.

Zovuta zake zilipo, ndisakubisireni. Mu January mpweya wa m'nyumba unkauma moti milomo inkang'ambika, mpaka mlongo wanga ankayanika zovala m'nyumba dala kuti mubwere kachinyezi. Masefa a makina aja amafuna kusintha kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndipo ukaona kuda kwake umathokoza kuti fumbi limenelo silinalowe m'mapapo, koma ukaiwala kusintha makina amayamba kulira ndi kudya magetsi. Vuto lalikulu ndi nthawi yotentha. Fulasiki imasunga chilichonse chomwe waikamo. Mu July ukaiwala kutsitsa zotchinga dzuwa za kunja kwa mawindo akuluakulu aja popita ku ntchito, pobwera umapeza nyumba yasanduka uvuni wa masikono, ndipo kutenthako sikutuluka msanga. Amachita kutsegula mawindo usiku wonse kuti kuzizire, m'mawa n'kutsekanso. Miyezo imati m'nyumba musapitirire madigiri 25 kwa nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo khumi a chaka, koma zaka zino ku Ulaya kukutentha kuposa kale, ndipo nyumba zomwe anaziika magalasi ambiri popanda mthunzi zikuvutika.

WOSAUKA NDIYE AMALIPIRA ZAMBIRI

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe kwa ine ndiye mutu weniweni. Kumanga chonchi kumadula kuposa kumanga wamba. Fomu, mawindo a magalasi atatu, makina a mpweya, amisiri osamala, zonse ndi ndalama za tsiku loyamba. Zina zimabwerera pomwepo chifukwa sugula chiboyila chachikulu, zotsalazo zimabwerera pang'onopang'ono m'mabilu a zaka zambiri. Inu a pa msika mukudziwa bwino zimenezi. Wa mpamba waukulu amapikula belo lonse la kaunjika pa mtengo wabwino. Wa mpamba wochepa amapikula zovala khumi kwa mnzake pa mtengo wokwera, tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha pa chaka iye wosaukayo ndi yemwe walipira zambiri.

Ku Ulaya ndi chimodzimodzi. Alamu anga ndi mlongo wanga onse ali pa ntchito, banki inawakhulupirira, lero akugona mofunda ndi bilu yaing'ono. Wa lendi m'nyumba yakale sangavale bulangete pa khoma la mwini wake, ndipo landilodi alibe changu chifukwa bilu ya gasi salipira iye. Ndiye nzeru yopulumutsa ndalamayi imayamba kufika kwa omwe ali nazo kale. Apa ine ndimaona kuti nkhaniyi siyenera kusiyidwa m'manja mwa munthu payekha.

Mizinda ina inazindikira. Ku Heidelberg, pamalo pomwe kale panali yadi ya sitima za katundu, anamanga dera lonse latsopano lotchedwa Bahnstadt, mahekitala 116, ndipo nyumba, masukulu, maofesi ndi masitolo zonse zinamangidwa pa muyezo wa Passivhaus. Ku Brussels, likulu la Belgium, kuyambira 2015 nyumba zatsopano zinayamba kumangidwa motsata malamulo otengera muyezo womwewu. Koma yomwe inandigwira mtima ndi ya ku Norwich ku Britain, komwe khonsolo ya mzinda inamanga nyumba pafupifupi 100 pa msewu wa Goldsmith Street zoti azichita lendi anthu opeza zochepa. Mu 2019 nyumba zimenezi zinapata mphotho ya Stirling, yomwe ndi yaikulu kwambiri pa zomangamanga ku Britain, kugonjetsa zinyumba za anthu olemera. Anasamala mpaka kabowo koponyera makalata, sanakaike pa chitseko monga mwa chizolowezi cha kumeneko koma pa khoma la pakhonde, kuti mphepo isalowerepo.

NANGA KUNO?

Wina ati, zonsezi n'za azungu ndi chisanu chawo, ife zikutikhudza chiyani? Mbali ina akunena zoona. Musathamangire kukamata ming'alu yonse ya nyumba yanu ku Ndirande kapena ku Kawale. Nyumba ya alamu anga imapuma ndi makina, ndipo makinawo amafuna magetsi osazimazima. Chachiwiri, ndipo apa mvetserani bwino, m'nyumba imeneyo simulowa moto wa makala. Mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, wopanda mtundu, womwe umagonetsa munthu tulo tosadzuka. Chaka ndi chaka mu June ndi July timamva za mabanja ndi alonda omwe apezeka atafa chifukwa cholowetsa mbaula n'kutseka zitseko ndi mawindo. Ming'alu ya nyumba zathu nthawi zina ndi yomwe imatipulumutsa. Wotengera theka la nzeru ya ku Darmstadt, kutseka popanda makina opumira, akukumba manda.

Koma fulasiki ili ndi m'bale wake yemwe anyamata ogulitsa mafirizesi ndi zakumwa zozizira amayenda naye, kula-bokosi. Fomu yomweyo yomwe imakaniza kutentha kutuluka imakanizanso kutentha kulowa. Ku Katunayake m'dziko la Sri Lanka, komwe kumatentha ndi chinyezi chaka chonse, kuli fakitale ya zovala yomwe inakonzedwanso motsata miyezo ya bungwe la a Feist, ndipo kumeneko ntchito ya bulangete ndi kusunga kuzizira m'kati.

Mdani wathu kuno amachokera kumwamba. Mu October ndi November dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo lata lopanda siling'i limasanduka chiwaya chokazingira anthu. Mu June lata lomwelo limataya kutentha konse usiku, m'bandakucha n'kumadontheza mame pa bulangete. Agogo athu ndi denga la udzu, khoma lokhuthala ladothi ndi khonde lozungulira nyumba anali pafupi ndi nzeru ya Passivhaus kuposa ife omwe tinathamangira malata kuti tioneke otsogola. Sindikunena kuti tibwerere ku udzu m'tauni, moto ndi chiswe tikuzidziwa. Ndikunena kuti pomwe tinachotsa udzu sitinaikepo china chogwira ntchito yake.

Ambiri a inu mukumanga pang'onopang'ono, lero njerwa, chaka chamawa malata, ndi ndalama za tomato ndi kaunjika. Ndalama ikatsala pang'ono timathamangira matailosi ndi geti yokongola, siling'i n'kumati idzabwera. Ine nditaona za ku Germany ndingayambe siling'i, ngakhale ya mphasa kapena ya nsungwi, ndi timipata kumapeto kwa denga kuti mpweya wotentha wa pakati pa lata ndi siling'i uzituluka. Malata opaka penti yoyera amabweza dzuwa lambiri kuposa akuda kapena adzimbiri. Denga litulukire kunja mokwanira kuti khoma likhale pa mthunzi. Mawindo akhale moyang'anizana kuti mphepo izidutsa.

Ndipo musakopere pulani ya alamu anga osaitembenuza. Iwo analozetsa mawindo akuluakulu kummwera, koma ife tili mbali ina ya dziko, miyezi yozizira dzuwa lathu limapendekera kumpoto. Windo la kumpoto lokhala ndi kadenga kotulukira limalandira dzuwa mu June pomwe tikulifuna, ndipo mu October dzuwa likakwera pamutu kadengako kamalitchinga. Windo lalikulu loyang'ana kumadzulo ndiye loipa, limalowetsa dzuwa la 3 koloko masana molunjika, chipinda n'kukhala chotentha mpaka pakati pa usiku. Zimenezi zimagamulidwa tsiku lomwe mmisiri akukhoma zikhomo ndi chingwe pa puloti, ndipo kutembenuza nyumba tsiku limenelo sikudya ngakhale tambala imodzi. Mbali ya kumadzuloyo bzalaniko mtengo wa mango sabata yomwe mukukumba faundeshoni, motalikirako pang'ono kuti mizu isadzang'ambe khoma.